Bwalo la Agogo: Mlandu wa Nyumba Yosatha

Khalani pansi nonse, adzukulu anga, ndipo mafoniwo agone chafufumimba patebulo. Woweruza ndine, wodandaula ndine, mboni ndi makutu angawa pamodzi ndi msana wanga. Apilo kulibe, chifukwa agogo anu aakazi ndawafunsa kale ndipo agwirizana nazo. Iwe mkazi wanga wamng'ono, amene unapita kuyunivesite kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba, sendera kutsogolo kuno, pakuti dzina lako ndi limene lili pamwamba. Achimwene akowo, amene anasonkha nawe ndalama n'kutsegula malo odyera ndi oimbirako m'tauni muja, akhale pambali pako. Musaseke. Mwaitana mzinda wonse wa Blantyre kudzadya ndi kudzamvera nyimbo m'nyumba yosatha, ndipo mukulipiritsa anthu mtengo wa nyumba yotha.

Ndiyambe ndi zimene maso aona. Ine ntchito yanga inali yomanga, ndipo m'masiku athu mmisiri akasiya khoma lopanda pulasitala, mapaipi ali pamtunda, mawaya akulendewera, mwini nyumba ankagwira malipiro mpaka zonse zitakonzedwa. Kwanuko zonsezi zilipo, koma akuti n'dala. Siling'i mulibe, ukakweza maso ukuona malata ndi zitsulo zogwira denga. Pansi ndi simenti yopukutidwa mpaka kuwala. Mababu ali maliseche pa zingwe zazitali, ndipo kuwala kwake n'kongokwanira kudziwa kuti patsogolo pako pali chakudya, koma osazindikira kuti ndi chakudya chanji. Chimene chinandimaliza ndi khoma la kuseri kwa kauntala. Ndinalisisita ndi dzanja. Munalipaka pulasitala bwinobwino, mosalala, kenako munalemba ganyu mnyamata kuti aligobe ndi tchizulo apa ndi apo kuti lioneke lakale. Khoma limodzi, malipiro awiri: ena omangira, ena ogumulira!

Mundiuza kuti, “Agogo, ndi mmene akumangira ku Joni ndi ku Ulaya.” Ndikudziwa, ndipo ndikudziwanso kumene zinachokera, zimene inu simunafunse. Ku New York, m'dera la SoHo, m'zaka za m'ma 1960 mafakitale ambiri anatseka, nyumba zake n'kutsala zopanda anthu. Ojambula zithunzi ndi oimba, anthu a m'matumba mopepuka, analowamo chifukwa lendi inali yotsika ndipo malo anali otakasuka. Njerwa zinali pamtunda chifukwa zinali za m'fakitale, ndipo ya pulasitala panalibe. Olemera ataona kuti m'menemo mukutuluka anthu otchuka, anayamba kugula maonekedwe a umphawi aja pamtengo wokwera. Ayenda dziko lonse mpaka afika kuno kwathu, kumene umphawi sitinafunikepo kuuitanitsa kunja.

Ndipo ku Joni kumene mukutchulako, makoma akale sanama. Pitani ku Newtown, mu Johannesburg, mukaone Market Theatre. Nyumba imeneyo inamangidwa mu 1913 kuti ikhale msika wa zipatso, ndipo amalonda achimwenye anagulitsiramo kwa zaka pafupifupi 60. Msika utasamutsidwa, Barney Simon ndi Mannie Manim anaisandutsa nyumba ya zisudzo, n'kuitsegula mu June 1976, mwezi womwewo umene ana asukulu a ku Soweto anaukira boma la tsankho. Zikwangwani za ogulitsa zipatso sanazichotse. M'menemo anthu akuda ndi azungu ankakhala pamzere umodzi pa nthawi imene malamulo ankawalekanitsa mpaka pa mabenchi a m'mapaki. Khoma lotere likakhala ndi zipsera, chipsera chilichonse chili ndi nkhani yake. Lanulo chipsera chilichonse chili ndi lisiti yake.

Pambali pa nyumba yomweyo, mu 1987, anatsegula Kippies, kalabu ya jazi yotchedwa dzina la Kippie Moeketsi, woimba saxophone amene anali mu gulu la Jazz Epistles pamodzi ndi Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Abdullah Ibrahim. Kanyumba kake kanali kakang'ono, ndipo mamangidwe ake anatengera chimbudzi chakale. Inde, chimbudzi. Koma anthu ankadzaza, chifukwa ankabwerera zoimbidwa m'katimo. Kalabuyo inatsekedwa mu 2005 atapeza kuti nyumbayo yafooka ndipo ingavulaze anthu, zimene mmisiri aliyense angakuuzeni kuti khoma limakhululukira kusowa penti koma silikhululukira kufooka. Mu 2009 anaika panja pake chiboliboli cha Kippie cha mkuwa, atakhala pampando, ndipo pambali pake anaikapo mpando wina wopanda munthu woti wodutsa apumirepo. Mpandowo muukumbukire, uli ndi mlandu wake kutsogoloku.

Sindikunena kuti njerwa yoonekera ndi tchimo. Yendani pang'ono mukafike pa mishoni ya Blantyre, mukaime pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, m'busa amene sanaphunzirepo za mapulani, pamodzi ndi anthu a konkuno amene anaumba ndi kuotcha njerwa pomwepo m'zikombole zamitundumitundu. Njerwa zimenezo zinaumbidwa kuti zioneke, ndipo papita zaka zoposa 130 zikuonekabe. Amene akufuna kuonetsa njerwa ayambe waphunzira kuiyala.

Tsopano mlandu waukulu, wa khutu. Pa uwu musandiyankhe msanga.

Mawu akatuluka mu sipika amathamanga mamita oposa 340 pa sekondi imodzi. Akagunda chinthu cholimba ndi chosalala amabwerera, akagunda chofewa amamira momwemo. Werengani zimene mwawakonzera: pansi simenti, kutsogolo galasi kuchokera pansi mpaka kudenga, pamwamba malata, mipando ina yachitsulo, matebulo opanda nsalu. Poti mawu n'kuthera palibe. Woimba ng'oma akamenya kamodzi, khutu limalandira kangapo. Woimba wa pakamwa akamafika pa mzere wachitatu, woyamba uja ukuzungulirabe m'nyumbamo kusaka khomo. Mukafuna umboni, lowani m'mawa musanatsegule, muime pakati, muombe m'manja kamodzi basi. Mudzamva kaphokoso kolira mwachitsulo kakuthamanga uku ndi uku pakati pa makoma awiri oyang'anizana. Onjezanipo mvula ya Januwale pa malata opanda siling'i: ikangoyamba, oimba angopakira zida zawo, pakuti denga latenga pulogalamu.

Vutoli si lachilendo, ndipo mankhwala ake anapezeka kalekale. Mu 1895, pa yunivesite ya Harvard ku America anamanga chipinda chophunzitsiramo m'nyumba ya Fogg, chokongola ndithu, koma mphunzitsi akalankhula mawu ankachedwa m'chipindamo kwa masekondi oposa 5, ophunzira osatolapo kanthu. Anapatsa ntchito yokonza mnyamata wina wophunzitsa sayansi, Wallace Sabine. Iye ndi omuthandiza ankadikira usiku, mzinda utagona, n'kumanyamula makhushoni a m'mipando kuchokera ku Sanders Theatre yapafupi kupita nawo m'chipinda muja. Amaliza chitoliro, n'kuyeza ndi wotchi kuti mawu atha liti, aonjeza makhushoni, ayezanso, kenako kubweza makhushoniwo kusanache. Anapeza lamulo limene omanga akuligwiritsabe ntchito mpaka lero: chipinda chikakula mawu amachedwamo, zinthu zomeza mawu zikachuluka mawu amatha msanga. Ndi nzeru imeneyo anathandiza kumanga Symphony Hall ya ku Boston, imene inatsegulidwa mu 1900 ndipo ikutamandidwabe. Iwe mkazi wanga, usandiuze kuti lamuloli sunakumane nalo pa mayeso. Wachita zonse ziwiri mobwerera: pochotsa siling'i wakulitsa chipinda, pochotsa makatani ndi makhushoni wathamangitsa zomeza mawu.

Ndiye kulowe anthu. Dokotala wina wa makutu wa ku France, Étienne Lombard, anaonetsa mu 1911 kuti munthu akakhala paphokoso amakweza mawu mosazindikira. Tebulo ili likweza, loyandikana nalo likwezanso kuti limvane, wa pa makina akweza masipika kuti oimba asamire, odya akwezanso kuti apose masipika. Pofika 9 koloko usiku nonse mukucheza ngati muli m'chigayo, kulozana ndi zala ndi kugwedeza mitu pa nkhani imene simunaimve. Ndinaona mnyamata wina akunong'oneza mtsikana, mitsempha ya m'khosi itatuluka yonse. Ngati kunali kufunsira mbeta, yankho anakalipeza pa WhatsApp atafika kunyumba.

Apa nkhope yanga muiyang'ane bwino, siikuseka. Kucheza wamba kumakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Pa 85, akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati malire ndi maola 8 pa tsiku. Pa 100, malire ndi mphindi 15 zokha. Mu 2022 bungwe la WHO linatulutsa muyezo wa malo oimbirako: phokoso lisamapitirire madesibelo 100, liziyezedwa nthawi zonse, pakhale malo opanda phokoso opumitsirako makutu, ndipo zotseka m'makutu zizipezeka kwa ozifuna. Bungwelo linati achinyamata oposa 1 biliyoni, a zaka 12 mpaka 35, ali pangozi yowononga makutu awo. Odya amadya n'kumapita. Weta, wa pa bala ndi wotsuka matambula amakhala momwemo mpaka kutseka, mawa lake abweranso. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitiphukanso. Ine kusamva bwino kwangaku ndinakupeza ndikusakira ana chakudya pafupi ndi makina osakaniza konkire. Inu mukukugula ndi ndalama pakhomo, ndipo anyamata anu antchito mukuwapatsa kwaulere pamwamba pa malipiro.

Nanga oimba mwawaika pati? Pakona, pakati pa khomo la kukhitchini ndi njira ya kuchimbudzi. Woimba gitala amapinda chigongono weta akamadutsa ndi tchipisi. Nyimbo ikafika pofatsa, pomwe munthu ayenera kutchera khutu, pa bala makina ogayira zipatso ayamba kubangula. Theka la matebulo likuona msana wa chipilala. Khoma labwino, lapakati, loonekera kulikonse, munalisungira chithunzi cha mapiko akuluakulu ndi nyali zolemba mawu achingerezi, kuti atsikana aziimapo pojambulitsa. Apa mpamene mlandu wonse wagona, adzukulu. Nyumbayi munaimangira foni. Foni ili ndi diso lakuthwa, koma ilibe msana, simva kutentha, ndipo khutu lake silitopa. Giddes Chalamanda atabwera ndi gitala lake m'menemo, kapena malemu Allan Namoko akanadzuka ndi banjo yake, mukanatola mawu angati? Mukanawajambula bwino kwambiri, koma nkhani ya m'nyimbomo mukanakaimvera pa wailesi.

Ku New York komweko kuli kalabu yotchedwa Village Vanguard, imene Max Gordon anaitsegula mu 1935. Ili pansi, umachita kutsika masitepe opapatiza. Denga lake ndi lalifupi, mumakwana anthu pafupifupi 120, ndipo chipindacho chili ndi ngodya zitatu, oimba amakhala kumene chapanikizikako. Chifukwa makoma ake sayang'anizana, mawu saponyerana uku ndi uku. Palibe amene anapitako kukajambulitsa khoma. Koma zimbale zoposa 100 zajambulidwira m'menemo, kuphatikizapo za Sonny Rollins mu 1957, za Bill Evans ndi za John Coltrane mu 1961. Pa za Bill Evans umamva ngakhale matambula akugundana chapatali, piyano osasokonezeka. Maso onse m'chipindamo amaloza kumodzi, ndipo makutu amatsatira.

Tibwere ku msana. Munthu wa mkuwa uja ku Newtown, amene msana sumupweteka, anamupatsa mpando wa miyendo inayi ndi potsamira. Ine agogo anu, wa mafupa enieni, munandikhazika pa mapaleti, matabwa onyamulirapo katundu m'mashopu, msomali wina ukundifufuza thalauza. Mutandimvera chisoni munandisamutsira pa kampando kachitsulo kaatali, kopanda potsamira, miyendo ikulendewera m'malere. Pamene mukuchita zimenezi, mipando yoluka ya nsungwi ndi bango imene amisiri athu amagulitsa m'mbali mwa misewu ikukwera magalimoto kupita ku Cape Town, ina mpaka ku Ulaya, kumene amaitchula ndi dzina la dziko lathu n'kuigulitsa mtengo woti woluka ataumva akhoza kukhala pansi. Mwina mukudikira kuti muione kaye pa Instagram m'lesitilanti ya ku London, ndiye muitanitse kuchokera komweko.

Chambo anandibweretsera pa thabwa. Msuzi unatsata mng'alu wa thabwalo, n'kutsikira patebulo, n'kumalizira ulendo wake pa bondo langa. Zakumwa zinabwera m'botolo la jamu. Ku Dedza akuumba mbale ndi makapu kuyambira 1987, ndipo alendo amaima pamsewu kuti agule. Mbale ili ndi mkombero pa chifukwa, ndipo amene anatulukira mkomberowo anali atadyapo ndiwo zamsuzi. Munalembanso nsima pa menyu, zimene ndikuyamika, koma posamba m'manja munabisa kuseri, kupyola oimba, kuseri kwa zitseko ziwiri zimene china chajambulidwa ndevu, china milomo. Ine ndevu ndimameta, milomo ndili nayo. Ndinaima pamenepo kudikira kuti wina atuluke andiphunzitse.

Za zokongoletsa ndingodutsamo. Njinga yathunthu, ya matayala abwinobwino, ili lende kudenga, pamene anyamata a kabaza akubwereka njinga za eni ake pa tsiku. Mumtondo mwadzala maluwa. Malichero ndi nsengwa mwakhomera kukhoma, ndipo agogo anu aakazi atawaona anandinong'oneza kufunsa ngati mwini wake anamwalira. Komabe bwalo lino ndi lachilungamo: malicherowo, chifukwa ndi oluka ndi okhota, amamwaza mawu pang'ono m'malo mowabweza onse pamodzi. Ndi chinthu chokhacho chimene mwachitira khutu, ndipo mwachichita mwangozi.

Galasi lalikulu lija munaliyang'anitsa kumadzulo. Dikirani Okutobala. Dzuwa la masana likalowa pagalasi, kutentha kwake sikutulukanso, malata akuthira kwina kuchokera pamwamba, khitchini yanu yopanda chitseko ikuonjezera utsi wa nyama umene umakwera nawo minibasi m'jekete. Ndiye mugule makina oziziritsa, magetsi akazima mudzutse jenereta, jeneretayo ilowe nawo m'gulu la oimba. Mandala House ili pomwepo kuyambira 1882, ndipo lero anthu amamwera khofi pakhonde pake. Omanga ake analibe makina oziziritsa. Anazunguliza khonde lalikulu kuti dzuwa lisafike pakhoma, mphepo izidutsa. Khonde makolo athu ankalidziwa azungu asanabwere, ndipo silidya mafuta.

Tsopano imvani chigamulo. Siling'i ibwerere, ya mabolodi omeza mawu, ndipo pakati pa iyo ndi malata muyalepo zofunda zoletsa kutentha ndi phokoso la mvula. Pagalasi papachikidwe makatani olemera, a mapindo ambiri, ndipo kunja kwake kumangidwe khonde. Oimba achoke pakhomo la chimbudzi, apatsidwe khoma la mapiko lija, nsanja yokwera pang'ono, kapeti pansi, ndi kachipinda kosungiramo zida ndi kusinthiramo malaya. Masipika akhale angapo ang'onoang'ono, ogawidwa m'nyumbamo ndi kuloza kwa anthu, m'malo mwa awiri akuluakulu ogonthetsa akutsogolo kuti akumbuyo amve. Bala ndi makina ake zipite kutali ndi nsanja. Mbali imodzi ikhale ya odya ofuna kucheza, kumene mpongozi angamve zimene apongozi ake akunena.

Koma wina asathamangire kukamata matileyi a mazira kapena masiponji a matiresi kukhoma. Matileyi sathandiza kwenikweni, ndipo siponji ikagwira moto siyembekeza munthu. Mu 2003, ku Rhode Island ku America, kalabu yotchedwa The Station inapsa pamene zothetheka za pansanja zinayatsa masiponji omatidwa m'makoma pofuna kuchepetsa phokoso. Anthu 100 anafa, ambiri atapanikizana pakhomo lakutsogolo. Chilichonse chofewa chimene muike, kaya nsalu kaya mphasa, chikhale chotetezedwa ku moto ndi kutali ndi mawaya. Chitseko chanu chakumbuyo ndinachiona: mwaunjikapo makireti a mabotolo. Achoke lero lomwe, dzuwa lisanalowe, ndipo zitseko zonse zizitsegukira kunja. Pa mfundo iyi yokha sindilandira tambala wopepesera.

Pa milandu inayo chindapusa ndi ichi: tambala mmodzi wofiira kwa ine, chitenje chatsopano kwa agogo anu aakazi chifukwa cha mantha a malichero aja, ndi mipando iwiri yoluka, yotsamira, yoikidwa pamalo oonekera zala za woimba gitala. Iwe mkazi wanga wamng'ono, pukuta nkhopeyo, dzanja lako lojambula ndi labwino ndipo makoma ako ndi oongoka, ndinawayeza ndi diso. Ukamaliza kukonza udzanditumire galimoto m'mawa, anthu asanabwere. Ndidzaima pakati n'kuomba m'manja kamodzi, ndipo nyumbayo ikadzakhala chete, kwachiwiriko ndidzaombera iwe. Chambo chidzabwere m'mbale.